Mizere Yomwe Ndinaunda ku Gambia

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu pamene sukulu yathu ya ku Croydon inatitenga ana khumi kupita kumudzi wina wa ku Gambia, akuti tikathandize pa dimba la sukulu ya kumeneko. M'gulu lonselo wobadwira ku Africa ndinali ine ndekha. Ku Ndirande ndinachokako ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, khasu ndisanaligwirepo. Izi sindinauze munthu.

Chinali chilimwe. Dothi linali lamchenga, lotentha mpaka m'kati mwa nsapato. Madzi ankatungidwa ndi chingwe pachitsime chakuya, ndipo otunga ake anali ana a pasukulupo. Dimbalo ankaliyang'anira Mayi Fatou, omwe ankaphikiranso anawo chakudya chamasana. Pa nazale panali mbande za anyezi zitakwana kuwokera. Anyezi ameneyo ndiye ankayembekezeka kukhala ndiwo ya mpunga wa anawo kufikira mvula itagwa.

Mabedi awo anali okumba, olowa pansi ngati mbale. Aphunzitsi athu, a Miss Harding, anaima m'mphepete n'kunditchula dzina.

"Chikondi, iwe ndiwe wa kuno ku Africa. Kwanu mumalima chonchi?"

Anzanga onse anatembenuka. M'kalasi mwa mayi amenewo ndinali ndisanafunsidwepo kanthu ngati munthu wodziwa. Ndinakumbukira mizere yomwe ndinaiona pawindo la basi tikupita kumaliro ku Ntcheu.

"Ayi, kwathu timaunda mizere," ndinatero. "Imaposa izi."

Mwana wina atawamasulira Mayi Fatou mawu angawo, mayiwo anandiyang'ana nthawi yaitali. Ife tinali titabwera ndi waya wa mpanda ndi makheni othiririra, ndipo kumeneko mlendo wobwera ndi mphatso satsutsidwa pagulu. Anandipatsa khasu lawo.

Masiku awiri tinakwirira mabedi, tinaunda mizere, tinawokera mbande zonse pamwamba pake. Anandijambula zithunzi zosawerengeka. Koma madzi tikathira ankangotsetsereka m'mbali n'kukathera m'njira. Ana aja anayamba kutunga kawiri kuposa kale, zikhatho zawo zitatupa ndi chingwe. Pofika tsiku lachisanu mbande zambiri zinali zitagona pamchenga ngati ulusi. Ndinaziona. A Miss Harding anazionanso, n'kunena kuti mbewu zimatero zikangowokeredwa. Ndinavomera.

M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinabwerera kudimba kukatenga chipewa chomwe ndinaiwala. Ndinapeza Mayi Fatou ndi ana akusalaza mizere yanga, akutola mbande zomwe zinali zikadali ndi moyo n'kuziika pa chiguduli chonyowa. Ankaganiza kuti tapita kale. Mayiwo anaweramuka n'kulankhula, mtsikana wina n'kumasulira.

"Akuti kwanu kuyenera kuti kumagwa mvula yambiri."

Basi. Sanandikalipire. Bola akanandiwomba mbama.

Nditafika kunyumba, amayi anga anaona chithunzi asanavule n'komwe yunifolomu yawo ya kuchipatala.

"Mizere m'chilimwe? Iwe, mizere ndi ya dzinja, kuti chimanga chisamire m'madzi. Kudimba timakumba. Bwanji sunafunse?"

"Ndikanafunsa ndani, amayi? Onse ankafunsa ine."

Anakhala pampando n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato.

Chithunzicho aphunzitsi anachipachika m'khonde la sukulu yathu, ine ndikumwetulira ndi khasu paphewa. Ndinkachidutsa tsiku lililonse mpaka pamene ndinasiya sukulu. Sindikunena kuti ndinasiya chifukwa cha chimenecho; zifukwa zinalipo zambiri, ndipo si zanu.

Pano ndimanyamula makatoni, ndipo za ulimi sindikudziwabe. Chomwe ndinamvetsa n'chakuti mlendo akalakwitsa amakwera ndege, otsala ndiwo amabwerera pachitsime. Kunena kuti "sindikudziwa" kukanandichititsa manyazi mphindi imodzi yokha. Ndinaopa mphindi imeneyo, ndipo ana omwe sindinawafunse ngakhale mayina anadya mpunga wopanda ndiwo.