Bambo Awo a Apongozi Anga Sanathawe

Apongozi anga aamuna, bambo a mwamuna wanga, anali mzungu wa ku Coolock, dera la mzinda umene ndinakwatiwako, kuno kudziko loyandikana ndi England, wouma mtima ngati chikwanje chakale. Atayamba kudwala tinawatengera kunyumba kwathu, ndipo ine ndi amene ndinkawasambitsa ndi kuwameta. Tsiku lina ndikuwadula zikhadabo, ndinawafunsa kuti bambo awo anaikidwa kuti.

"Sindikudziwa, ndipo sindifuna kudziwa," anatero. "Anapita ku England nthawi ya nkhondo, nasiya amayi ndi ife ana atatu. Sanalembeko ndi kalata yomwe."

Zinandivuta kumvetsa. Kwathu kumudzi munthu sangosowa ngati nkhuku. Ngakhale anali chidakwa chotani, timafufuza kumene anafera, timulire, nkhani ithe. Ndiye ndinayamba kufufuza mwakachetechete, ndikudziona ngati wanzeru.

Mnzanga wina wa ku Ballymun, dera lina la mumzinda momwemuno, Mmalawi mnzanga, anandichenjeza. "Iwe, za family ya eni ake uzisiye. Ukangoyamba ma search amenewo, upeza zinthu zoti sungazibwezere."

Sindinamumvere. Ndinalembera malo osungira mbiri za asilikali a pamadzi ku England, ndipo patapita miyezi ingapo kunabwera envelopu. Bambo aja sanathawe ayi. Analowa usilikali, nagwira ntchito yosamala injini m'sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi. Sitimayo inanyamuka ulendo wina osabweranso. Onse anali m'katimo anatsalira pansi pa nyanja, m'chitsulo chotsekeka chija, ndipo palibe amene akudziwa malo ake.

Ndinasangalala, ndisaname. Ndinkati ndawabwezera nkhalamba yanga bambo awo asanatsikire kulichete. Ndinakhala pambali pa bedi lawo, ndinawapepesa kaye monga timachitira pobweretsa uthenga wa maliro, kenaka ndinayamba kuwerenga. Misozi inkatsikira m'makutu mwawo, chifukwa anali atagona chagada. Pamenepo ndikanalekera.

Koma ine ndinaleredwa kuti wonyamula uthenga wa maliro sasankha mawu, amatula wonse. Choncho ndinawerenganso mzere womaliza. Unkanena kuti mkazi wa msilikaliyo anadziwitsidwa za imfayo, ndipo anayankha kuti kalatayo waiona. Adiresi yake inali nyumba yomwe apongozi anga anakuliramo.

"Bwereza," anatero.

Ndinabwereza.

"Ndiye kuti amayi ankadziwa."

Mwamuna wanga anayesa kuwafotokozera zimene iwonso ankazidziwa bwino, kuti masiku amenewo kuno, kudziko limene linali litangomasuka m'manja mwa Angelezi, munthu womenyera nkhondo Angeleziwo ankamuona ngati wogulitsa dziko, ndipo ana ake ankalozedwa zala pamsewu. Mayiwo anaona kuti mwamuna wothawa banja n'chamanyazi chocheperako, choncho anabisa imfayo. Apongozi anangotembenukira kukhoma. Anali atada bambo awo moyo wawo wonse, mpaka anakana kupatsa mwana wawo woyamba dzina la bambowo. Tsopano chidani chonsecho chinasowa kolowera, ndipo chinagwera mayi amene anawalera okha ndi ntchito yochapa zovala za anthu.

Mmawa mwake anatiitana tonse awiri. Malo awo anali okonzeka kale, m'manda amodzi ndi amayi awo, monga amachitira kuno.

"Musakandiike pamenepo," anatero. "Munditenthe."

Ndinagwada, ndinawapempha kuti akhululuke, ndinawauza kuti wolakwa ndine. Anandisisita pamutu, koma sanasinthe mawu. Anamwalira patapita masabata atatu, ndipo tinachita zimene ananena. Mpaka lero sindinadzikhululukire. Pamwala wa pamanda a mayi aja, pansi pa dzina lawo, pali danga losalala limene anasiyira mwana wawo, ndipo likhala choncho.