Gemu imene Fatsani anasiya

Fungo la mlamba wowamba likandipeza paliponse, ngakhale pa depoti mu Lilongwe muno, maganizo anga amathamangira kwa aNambewe, mayi wachikulire amene tinayandikana naye nyumba ku Chipoka ndili mwana. Tsiku lonse ankakhala pa uvuni wawo wa njerwa kuseri kwa nyumba, akutembenuza nsomba pa waya ndi zala zosamva moto, utsi ukuwalowa m'maso, m'duku ndi m'zitenje zonse, moti kutchalitchi unkadziwa kuti afika usanacheuke. Sanali munthu wa nthabwala. Anafe tinkawaopa, ndipo mpira ukagwera kumpanda kwawo tinkangouiwala.

Anali ndi mwana mmodzi yekha, Fatsani, amene anapita ku Joni kukafuna ntchito. Ndili sitandade 7 kunabwera uthenga woti wamwalira ndipo amuika konko. Tinalira maliro opanda bokosi. Nyimbo zisanathe n'komwe, mphekesera zinali zitayamba: ena ankati anabayidwa akuba, ena ankati analowa gulu la achifwamba. ANambewe ankazimva zonsezi kumsika, koma ankangopitiriza kuyala nsomba zawo.

Patapita miyezi, munthu wina wonyamula katundu kuchokera ku Joni anasiyira aNambewe chikwama cha Fatsani. Munali zovala, nsapato, kativi kakang'ono ndi kabokosi kakuda ka zingwezingwe. Tsiku lina masana anandiitana pampanda.

"Iwe Tadala, paja umalowa m'vidiyo ya kumsika ija ndi alongo ako. Tabwera udzandiuze, ichi n'chiyani?"

"Ndi gemu, agogo."

"Ya juga?"

"Ayi, yongosewera."

"Munthu wa ndevu zake, kusewera?" Anapukusa mutu. "Tayatsa ndione."

Nditalumikiza zingwe ndinapeza kuti sinali ya mpira ngati ya kumsika ija. Zithunzi zake zinali zakuda bii, moti kuwala kwa dzuwa kunkazimeza, mpaka tinatchinga mawindo ndi bulangete. Unali mwezi wa Okutobala. Malata ankathetheka pamwamba pathu, thukuta likuyenderera kumsana, ifeyo tili pamphasa mumdima wodzipangira tokha. Pa tivi panatuluka mawu a Chingerezi, ndipo ndinawamasulira kuti tikhoza kuyamba pachiyambi kapena kupitiriza pamene Fatsani analekezera.

Anapukuta manja pachitenje. Kenaka anati, "Pitiriza."

Nkhani yake inali ya bambo wina wonyamula nyali, amene ankayenda m'tauni yomira m'madzi osefukira akufunafuna mng'ono wake. Kunalibe nyimbo zosangalatsa, koma kudontha kwa madzi, kulira kwa zitseko ndi kupuma kwa munthuyo. Ine ndinkadina mabatani ndi kumasulira, aNambewe ankalamula. "Usalowe umo, mukuoneka moipa." "Mufunse ameneyo, akudziwapo kanthu." Nthawi zina tinkazungulira m'nyumba imodzi masana onse tikufuna kiyi amene sankaoneka chifukwa cha mdima, iwo akung'ung'udza kuti amene anapanga chinthuchi ndi waumbombo ndi magetsi. Komabe mawa lake, ndikangoweruka kusukulu, ndinkawapeza atatchinga kale mawindo.

Tsiku lina bambo wa nyali uja anafika padenga la nyumba pamene panakhala mayi wina ndi kamwana. Mayiyo anamuzindikira n'kuyamba kuyankhula.

"Akuti chiyani?" anafunsa aNambewe.

"Akuti zikomo. Akuti tsiku lija pa mlatho munandipatsa buledi wanu wotsiriza, mukanatha kungodutsa ngati anzanu."

"Ife sitinafikepo pa mlatho."

"Sitinali ife, agogo. Gemuyi imakumbukira. Anasankha kupereka ndi Fatsani."

Anasendera pafupi ndi tivi, pafupi kwambiri moti mpweya wawo unachita nthunzi pagalasi. "Tamubwereza ayankhulenso." Ndinabwereza. Anandiuza kuti ndibwerezenso. Sanalire mofuula ngati pamaliro paja, koma misozi inkangotsika m'makwinya mwawo, ndipo kunja nsomba zinapserera pa waya mpaka amayi anga anathamangira kukaziphula.

"Ali mwana ankatero," anatero pamapeto pake. "Ndikamupatsa chitumbuwa chopita nacho kusukulu ankabwerako ndi njala."

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kundiuza za Fatsani, zinthu zimene sanauzepo munthu: momwe ankaopera bingu, momwe anathawira kuchipatala atamva kuti amubaya jakisoni, momwe anakanganirana naye tsiku limene ankanyamuka, iwo n'kukana kumuperekeza kumsewu. Ankayankhula maso ali pa tivi, ngati akuuza bambo wa nyali uja.

Chimene chinkawanyansa chinali imfa za m'gemumo. Ndikaphonya kudumpha, munthuyo ankamira, tivi n'kuda, kenaka uyu waimanso pamalo omwe aja, nyali ili m'manja. Poyamba anaseka. Koma tsiku lina nditamira kambirimbiri pamalo amodzi, anandilanda chodinira mabatani n'kuchiika pansi. "Amene anapanga izi sanafedwepo," anatero. "Munthu sadzuka chonchi."

Tinafika kumapeto mvula yoyamba itagwa. Bambo uja anakwera masitepe aatali n'kutsegula chitseko chotsiriza. Mng'ono wake anali chigonere pakama, atafa kalekale. Nyali inazima, mayina a anthu n'kuyamba kukwera pa tivi.

"Yatha?"

"Yatha, agogo."

"Tinachedwa ndife. Tinataya nthawi ndi makiyi aja. Yambiranso."

Tinayambira pachiyambi penipeni. Ulendo uno njira tinkaidziwa. Tinathamanga, sitinaime pachabe, ndipo paliponse pamene gemu inatifunsa chochita, aNambewe ankalingalira ngati akuweruza mlandu: uyu timuthandize, uyu timukhululukire, apa tinene zoona. Anthu a m'nkhanimo ankatiyankha mosiyana ndi poyamba, ndipo iwo anayamba kukhulupirira. M'mawa wa tsiku lotsiriza ndinawamva akuimba pa uvuni, chinthu chimene ndinali ndisanachimvepo.

Chitseko chinatseguka. Kama yemwe uja, mtembo womwe uja.

ANambewe anadzuka pang'onopang'ono, atagwira m'mawondo, n'kuchotsa bulangete pawindo. Kuwala kunatithobwa m'maso.

"Ndiye ankatifunsiranji?" anatero. "Ngati anali atamupha kale, ankatifunsiranji zonse zija?" Anazula chingwe pakhoma okha. "Fatsani sanaone zimenezi. Kwa iyeyo mng'ono uja anali akadali moyo. Tikanalekera pomwe analekera iye."

Sanandiitanenso kudzasewera. Kabokosi kaja anakakulunga m'malaya a Fatsani n'kukabweza m'chikwama. Ankandipatsabe moni, nthawi zina n'kundiponyera mutu wa mlamba pampanda, koma nkhani za mwana wawo zinathera pomwepo. Anamwalira ine ndili ku sekondale yogonera konko, ndipo pamene ndinkabwera kutchuthi ndinapeza abale awo atagawana katundu, uvuni utagumuka ndi mvula.

Lero ndine mayi wa ana anga, koma magemu a nkhani zamdima oterewa ndimawakondabe, ndipo ndimasewera ndikapeza mpata. Amandigwira mtima kuposa mafilimu, chifukwa wosankha umakhala iwe, ngakhale ndikudziwa kuti nthawi zambiri kusankhako n'kongotinyengerera. Anzanga amandiseka kuti ndili ndi magemu ambiri koma palibe imene ndinamaliza. Akunena zoona. Ndikaona kuti nkhani yayandikira kumapeto, ndipo patsogolo panga patsala chitseko chimodzi, ndimazimitsa, n'kumusiya munthu wangayo ataima panja, akadali ndi chiyembekezo.