Makope a Fatsani

M'chaka cha 2023 ndinali ndi zaka 74, ndipo ndinaika mwana wanga Fatsani m'manda a ku Leicester, ku England. Anali namwino pachipatala cha boma. Ndiye ananditenga ku Limbe mayi ake atamwalira, kuti ndizikhala naye.

Tsiku loika maliro ndinadzuka kusanache. Azimayi anali pabalaza, akuimba motsitsa mawu kuopa kusokoneza anthu a nyumba zoyandikana. Amuna anali kuseri, atazungulira mgolo wa moto. Munali mu February, udzu uli mbuu ndi chisanu.

Kwathu munthu akamwalira lero, mawa kapena mkuja timaika. Kuno tinadikira masabata atatu, madokotala akufufuza chimene chinamupha. Anati mtima unangoima. Munthu wa zaka 46, wosadwala, wosamwa mowa. Ndinamupeza ndine m'mawa, m'kanyumba kamatabwa kamene kali kumapeto kwa bwalo, ali pampando, zomvetsera zili m'makutu, cholembera chili m'manja. Wailesi inali ikulirabe ngati mvula pa malata.

Kanyumba kameneko ndinkadana nako. Munali mawailesi, osati omvera nyimbo, koma olankhulirana ndi anthu akutali. Akaweruka ntchito ya usiku, m'malo mogona ankalowa mmenemo. Ankati iye ndi anzake akufufuza za chimwala chachitsulo chimene chinagwa kuchokera kumwamba kalekale m'chipululu cha Sahara, kuti adziwe kumene chinachokera. Ine ndawotcherera zitsulo zaka makumi anayi. Ndinamuuza kuti chitsulo chimachokera pansi. Tsiku lina anabwera ndi kachidutswa kakuda ka chimwalacho, kukula kwake ngati chibakera.

"Bambo, inu mumadziwa zitsulo. Tachionani ichi."

Ndinamuyankha kuti sindisewera ndi miyala. Sanandifunsenso.

Masiku atatu omaliza anthu ankagona pasiwa. Bambo wina wa ku Zambia anabweretsa mgolo ndi matabwa, koma matabwawo anali onyowa, moto unkakana. Ndinalowa m'kanyumba muja n'kupeza katoni ya makope odzaza manambala ndi Chingerezi cholemba mothamanga. Ndinang'amba masamba n'kukolezera moto. Tsiku lachiwiri ndinachitanso zomwezo, lachitatunso. Ndinene zoona: kukhitchini kunali mulu wa nyuzi zakale. Ndinasankha makope. Kachitsulo kaja ndinapsinjira nako lona limene tinamanga pabwalo kuti mphepo isalinyamule.

Kutacha, tsiku la maliro lija, azimayi anayatsa mbaula za gasi pansi pa lonalo. Bambo wina wachimwenye, wa sitolo ku Spinney Hill, anatsitsa mpunga ndi nyama pakhomo. Anabadwira ku Limbe, ndipo anandipepesa m'Chichewa choposa cha zidzukulu zanga. Kenako anthu anayamba kufika. Maminibasi awiri anachokera ku Normanton, ena anabwera pa sitima kuchokera ku Loughborough. Anamwino ena yunifolomu inkaonekera pansi pa majasi, chifukwa anali atangoweruka. Ndinamva mmodzi akuuza mnzake kuti waswopa shifiti, akaibweza Lamlungu. Mvula yowaza inayamba, ndipo sinasiyenso.

Kutchalitchi mbiri ya malemu ndinanena ndekha. Ndinati anali namwino, Mkhristu, bambo wa ana awiri, mwana womvera. Za wailesi sindinatchule. Kumbuyo kunaima azungu okalamba khumi ndi awiri, atagwira zipewa m'manja. Ndinkayesa ndi a kuchipatala.

Ulendo wa kumanda tinayenda pa magalimoto, pang'onopang'ono. Kwathu maliro akamadutsa anthu amatsika panjinga. Kuno mabasi ankangotipitirira, anthu akulowa ndi kutuluka m'masitolo. Manda anakumba ndi makina, dothi ataliphimba ndi kapeti wobiriwira. Bokosi litatsika, amuna athu anapempha mafosholo kuti akwirire okha, ndipo anawapatsa.

Nkhata zitaikidwa, mmodzi wa azungu aja, wandevu zoyera, woyenda ndi ndodo, anapita kwa mpongozi wanga, mkazi wa Fatsani, n'kupempha kanthu. Iye anabwera kudzandinong'oneza kuti ndi anzake a pawailesi, ali ndi mwambo wawo wotsanzikira mnzawo. Anthu onse ankandiyang'ana, ndiye ndinavomera.

Mzunguyo anatulutsa kawailesi m'thumba la jasi. Anaitana nambala ya Fatsani, imene ankadziwika nayo pawailesi, n'kudikira. Munangomveka phokoso lija la mvula pa malata. Anaitananso. Anaitana kachitatu. Mpongozi wanga anati nthawi imeneyo anthu a m'mayiko ambiri atsegula mawailesi awo, onse ali chete, kuti ngati Fatsani alipo ayankhe. Kenako mzungu uja ananena kuti nambala imeneyo yatsekedwa, n'kuzimitsa. Sindinkadziwa kuti mwana wanga ankadziwika kutali chotero.

Titabwerera kunyumba anthu anasamba m'manja n'kuyamba kudya. Mzungu wandevu uja anabweranso, ndi anzake awiri. Analankhula ndi mpongozi wanga pakhonde, iye akundimasulira. Anati akupepesa kufunsa pa tsiku lotere, koma makope a Fatsani asungidwe bwino. Kwa zaka khumi ndi chimodzi Fatsani ankalankhula pawailesi ndi nkhalamba ina ya m'tauni ya m'chipululu muja, imene pa unyamata wake inkayenda ndi ngamira. Nkhalambayo inkadziwa malo amene zidutswa za chimwalacho zinamwazika, ndipo inkamuuza pang'onopang'ono: chitsime chakuti, phiri lakuti, ulendo wa masiku angapo. Malo amenewo atawalondola pa mapu akanaonetsa mbali imene chimwalacho chinadzera. Ankalankhulana mbandakucha, anzakewo ali m'tulo, choncho wolemba anali Fatsani yekha. Nkhalambayo inamwalira. Fatsani anali atalonjeza kubweretsa makopewo mwezi wotsatira kuti awajambule.

Mpongozi wanga anati asade nkhawa, makope ali m'katoni, palibe amene wawakhudza. Anatsogola kupita ku kanyumba kaja. Ine ndinawatsatira pambuyo. Pabwalopo n'pafupi, koma ndinaganiza zambiri. Ndikanatha kukhala chete. Anthu ambiri analowa ndi kutuluka pakhomopo masiku atatu amenewo, ndipo palibe akanaloza chala nkhalamba yoferedwa. Moyo wanga wonse sindinapepesepo pamaso pa mwana, ngakhale pamaso pa mzungu.

Mpongozi wanga anatsegula katoni. Munali makope awiri. Anasuntha mawailesi, anayang'ana pansi pa tebulo, kenako anayamba kufunsa kuti ndani ankalowa muno. Maso ake anapita kwa bambo wa ku Zambia uja, amene anaima chapafupi ndi mbale m'manja.

"Musiyeni munthuyo. Ndinawotcha ndine," ndinatero.

Mpongozi wanga anandiyang'ana ngati sanamve.

"Ndinakolezera moto wa pasiwa. Masiku onse atatu."

"Bambo, nyuzi zinali kukhitchini."

"Ndinaziona."

Amuna amene anawotha motowo anaweramitsa mitu. Mpongozi wanga sanalire, ndipo sanakweze mawu.

"Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikudzuka ndekha pabedi chifukwa cha makope amenewo, Bambo. Ndinkati bola tsiku lina adzaona phindu lake."

Ndinayang'ana ku mgolo kuja.

Iye mwini anawamasulira azunguwo. Wandevu uja anafunsa pamene panali moto. Anapita pa mgolo, anapatsa mnzake ndodo, n'kugwada movutikira pa udzu wonyowa. Anapisa dzanja m'phulusa. Makope aja anali omanga ndi waya wopota, ndipo waya sapsa. Anatulutsa mmodzi, wakuda, wopindika, n'kumuika pa udzu. Anatulutsa wina. Anawandandalika onse pamzere, anthu akuonerera. Anali asanu ndi anayi.

Ndinkayembekeza kuti andikalipira. Ndikanakonda akanatero. Anaimirira, anapukuta dzanja pa jasi, n'kulandira makope awiri otsalawo ndi manja awiri. Asanatuluke ananena mawu ochepa akundiyang'ana. Mpongozi wanga anazengereza, kenako anamasulira. Anati Fatsani ankawauza kuti bambo ake amazindikira chitsulo pongochipala ndi tupa, ndipo ankadikira tsiku labwino loti andifunsenso za kachitsulo kaja.

Pofika madzulo anthu anali atapita. Maminibasi ananyamuka, mbaula anazibweza kwa eni ake, mipando anaisanja pakona. Zidzukulu zinakwera kuchipinda kwawo. Mpongozi wanga anandiikira tiyi patebulo monga amachitira masiku onse, koma sanakhale pansi.

Ndinatuluka kukachotsa lona. Kachitsulo kaja kanali pomwe ndinakasiya, m'matope. Ndinakatsuka pampopi. Kanali kolemera kuposa mmene kankaonekera. M'kanyumba muja ndinapeza tupa, ndinakhala pampando wa mwana wanga n'kupala pakona. Pansi pa khungu lakudalo panatuluka chitsulo choyera, chowala, chimene chinkakana tupa mwa njira imene dzanja langa silinaidziwe. Zaka makumi anayi ndagwira zitsulo za njanji, za milatho, za magalimoto. Chotere sindinachionepo. Fatsani akanandifunsanso ndikanamuuza zimenezo.

Mawaya aja ndinawatola pa udzu, ali m'kabati yanga. Ndinawerenga zimene zinatayika pakhomo pano mwezi umenewo: mwana mmodzi, makope asanu ndi anayi, zaka khumi ndi chimodzi za m'mawa uliwonse, ndi mawu a nkhalamba ya m'chipululu imene sindinaidziwe. Choyambacho anatenga Mulungu. Zotsalazo ndinawotcha ndine.