Tsiku limene Bambo Zuze anatsika sitima

Ntchito ya njanji sindinaifune, inandipeza pa tchalitchi. Titathamangitsidwa ku famu kumene ndinabadwira, ine ndi amayi anga tinafikira ku Rugare, m'tauni ya Ashona, malo amene anamangidwira antchito a sitima kalekale. Kumeneko aliyense anali wa njanji: wopuma ntchito, wamasiye, kapena mwana wa wopuma. Bambo Zuze, kapitawo wa gulu lokonza njanji, anamva amayi akupemphera m'Chichewa, basi anatipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yawo, ine nkundilembetsa ganyu. Akazi awo, Mayi Zuze, anavomera monyinyirika. Tinkadziwa kuti tikangowalakwira, katundu wathu ali pamsewu.

Zinali zaka zija ndalama zinkasanduka mapepala usanafike nazo kusitolo. Mawaya a magetsi a njanji anali atabedwa, ndiye chilichonse chinkayendera mbendera ndi wailesi ya ovaova. Ntchito yathu inali kuyenda m'njanji ndi nyundo ndi sipanala yaitali, kumenya makilipu, tizitsulo togwira njanji pa silipa, mtanda umene njanjiyo imagonapo, ndi kumvetsera. Kilipu yolimba imalira ngwee, yomasuka imangoti phwa. Pamene akuba azula, timaikapo ina. Bambo Zuze ankati, "Khutu lako ndiye bwana wako, mwanawe."

Khutu langalo ndi limene linali ndi vuto. Ku famu tinkalankhula Chichewa chokhachokha, ndipo Chishona changa chinali chotola m'njira. Mawu ambiri amafanana, ndiye ine ndinkangoponya, likagwera ligwere.

Tsiku lina m'mawa tinakwera sitima ya miyala kupita kukathira kunja kwa tauni. Tili pa mlatho wina, Bambo Zuze anaona makilipu atazulidwa mzere wonse. Anaimitsa dalaivala, nkutsika ndi nyundo yawo, nkundipatsira ine wailesi. "Pitirirani, mundipeza pobwerera."

Titafika, wailesi inalira. Anali kalaliki wa ku yadi ya sitima, Mshona. "Zuze aripi?"

"Atsika," ndinatero. "Pa mlatho."

"Atsikwa?"

"Ehe, atsika."

"Nechitima?"

Ndinaganiza kuti akufunsa ngati atsika m'sitima. Nanga akanatsika m'chiyani, ndege? Ndinati ehe. Munthu uja anakuwa kuti "Maiwe!" ndipo ine ndinaona ngati wakwiya kuti kapitawo wasiya gulu. Pofuna kuteteza dalaivala ndinawonjezera kuti, "Anafuna okha." Pomwepo batire inatha, poti ku yadi magetsi otchajira kunalibe.

Abale inu, m'Chishona kutsika ndi kuponda. Kutsikwa nechitima ndi kupondedwa ndi sitima. Ine zimenezo ndinali ndisanazimvepo.

Injini nayo inazima, dizilo atatha. Tinabwerera wapansi m'njanji, nkuwapeza Bambo Zuze atamaliza makilipu awo, akusuta fodya. Tinalowa mu Rugare dzuwa litapendeka, ndipo pakona ya msewu wathu panali kansalu kofiira, chizindikiro cha maliro.

"Wafa ndani?" anandifunsa Bambo Zuze.

Mtima wanga unathamangira kwa amayi anga. Koma anthu anali atadzaza pakhomo pa Bambo Zuze penipeni, mipando ili panja, amayi a chigwirizano akuimba m'nyumba. Mayi wina atangotiona anataya ndowa nkuthawa akukuwa. Nkhalamba ina yopuma ntchito inabwera nkuwagwira Bambo Zuze mkono, nkuufinya ngati ikugula nkhuku. Ine mutu unangoima. Aliyense ankalankhula, theka Chishona theka Chichewa, ndipo ndinkangomva dzina langa likutchulidwa uku ndi uko osadziwa chimene ndachita.

Mayi Zuze anatuluka atamanga kale nsalu m'chiuno, mawu atasasa. Sanawakumbatire amuna awo. Anawamenya pachifuwa ndi zibakera. "Akuti munadziponya nokha! Tsiku lonse ndakhala ndikudzifunsa kuti ndinakulakwirani chiyani!" Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe. Mawa ndisakuone pano, iwe ndi amako."

Ndinayesa kufotokoza, koma ndikati atsika, Achewa ankagwedeza mutu kuti zoona, Ashona ankagwira pakamwa. Mkangano unabuka pakati pawo wa amene ali ndi mawu olondola, ine nkuiwalika. Bambo Mbewe, wapampando wa sosaite ya maliro, anauthetsa ndi nkhani ina. Nyumba iliyonse mumsewumo inali itapereka kapu ya ufa, ena womaliza, ndipo chakudya chinali chitapsa kale. "Achimwene," anatero, "maliro anu tidya lero. Mukafa chaka chino musatiyembekezere."

Bambo Zuze anakhala pampando, nkuuza amayi aja kuti amalize nyimbo imene anaidula. Anaimva yonse maso ali pansi. Za kutithamangitsa anangoti tidikire kaye mkwiyo uphwe, ndipo tinakhalabe, koma Mayi Zuze anasiya kundiyankha moni. Amayi anga ankagona katundu ali womanga.

Mvula itayamba, kolera inalowa m'makomboni. Inawatenga Bambo Zuze m'masiku ochepa. Azaumoyo anawakulunga m'pulasitiki, analetsa kusonkhana, kuphika, ngakhale kugwirana chanza. Kumanda tinapita anthu osakwana m'manja awiri, ndipo panalibe woimba.

Titabwerako ndinayamba kutulutsa katundu wathu, poti wotiteteza anali atapita. Mayi Zuze anabwera nkuima pakhomo pa kachipinda kaja.

"Bwezera m'nyumba zimenezo," anatero. "Pakanapanda pakamwa pako popotokapo, amuna anga akanapita ngati galu. Nyimbo zawo anazimva okha."

Mpaka lero sindidziwa ngati tsiku lija ndinalakwa kapena ayi, ndipo Mayi Zuze sananenepo kuti andikhululukira. Chimene ndinatengapo nchakuti pa wailesi, munthu akabwereza mawu ako, usamathamangire kunena ehe. Ndinakhala pa njanji zaka zambiri pambuyo pake, ndipo wina akatsika sitima ndinkanena kuti waburuka, monga anenera Ashona, kenako nkuwonjezera kuti ali moyo.