Waya Amene Ndinamudindira Chidindo

Zaka zimene ndinkagwira ntchito ku ofesi ya tauni kwathu ku Milange, ine ndinali woyendera mareboke, magalimoto okoka anzawo akafa pamsewu kapena akagwera m'ngalande. Boma lisanatume reboke iliyonse, mwini wake ankabwera kwa ine kudzatenga lisensa. Ndinkaona mabuleki, nyali, zikwangwani zochenjeza anthu, ndiponso waya wokokera. Lamulo linali losabisika: waya wothothoka saloledwa.

Mmawa wina kunabwera alamu anga, amuna a mchemwali wanga wamkulu, ndi reboke yawo yakale. Nditagwira waya, kachitsulo kanandibaya chala mpaka magazi. Anali atathothoka malo atatu.

"Alamu, waya uyu watha," ndinatero.

"Ndikudziwa alamu, watsopano ndaitanitsa kale ku Mocuba. Sabata yamawayi afika. Mukandibweza lero, ntchito ya dzinja lino apatsa wina. Ana a mchemwali wanu adya chiyani?"

Ndinayamwa chalacho, n'kudinda chidindo.

Waya watsopanoyo sanafike, ndipo ine sindinafunsenso. Mvula itakhwima, lole ya chimanga inaterereka pa msewu wa ku Molumbo, ofesi n'kutuma alamu anga. Anthu odutsa anaima kuti athandize. Mmodzi mwa iwo anali bambo wina wolima nyemba, yemwe anatsamiritsa njinga yake pamtengo n'kuyamba kuika miyala pansi pa matayala. Reboke itakoka, waya anaduka n'kumukwapula padzanja lamanja. Fupa linaphwanyika.

Tsiku lotsatira abwana anandiitana atagwira pepala la lisensa limene ndinadinda lija.

"Siginecha iyi ndi yanu?"

"Ndi yanga, bwana."

"Wayayu munamuona?"

"Ndinamuona. Tsikulo anali bwinobwino."

Bodzalo linatuluka mosavuta moti ndinadzidabwa ndekha. Abwana anagwedeza mutu, anaimitsa lisensa ya alamu, nkhani n'kuthera pomwepo. Alamu sanandiulule. Mpaka lero tikakumana pamaliro timakamba za mvula ndi feteleza basi.

Patapita masiku anayi ndinapita kuchipatala, nditanyamula shuga ndi sopo. Ndinali nditakonza mawu opepesera m'njira monse. Mkazi wa bamboyo ataona malaya anga a ntchito anadzuka pampando n'kundipatsa, iye n'kukhala pansi pa simenti.

"Taonani bambo, boma latikumbukira," anauza mwamuna wake.

Bamboyo anayesa kudzuka kuti andilonjere bwino. "Mwavutikiranji, achikulire? Ngozi siinunkha. Ndinalakwa ndine kuima pafupi."

Apa m'pamene ndikanayankhula. M'malo mwake ndinafunsa ngati akudya bwino, ndinapemphera nawo, n'kutuluka. Mayiyo anandiperekeza mpaka pageti akuthokoza, kenaka anandifunsa kumene ndimakhala kuti nyemba zikacha adzandibweretsere.

Anabweretsadi, m'kathumba ka ufa. Mkazi wanga anaziphika, ine ndinanamizira m'mimba.

Dzanja lija silinawongokenso. Khasu sagwira, amene amalima ndi mkazi wake ndi ana aakazi, iye amagulitsa tomato pafupi ndi malire. Ndikamapita ku Muloza, kumalire komweko, ndimadzera tsidya lina la msewu, koma maso ake ndi akuthwa. Amandikuwira, n'kundipatsa moni ndi dzanja lamanzere, n'kuuza anzake ogulitsa kuti awa ndi aja anabwera kudzandiona kuchipatala. Anzakewo amandiyang'ana mwaulemu, ine n'kugula tomato amene sindikumufuna.