Chala cha achimwene pa kagalimoto kofiira

"Ndani watsegula kabati yanga? Ndikufunsatu ine! Ndani walowetsa dzanja lake lonyansa umu?"

Amenewa anali a Hutala, wometa wa pakona paja, ataima pakati pa shopu yawo, bandeji ili pamimba, chikwama cha kuchipatala chikadali m'manja. Dzina limeneli sanalitole panjira. Munthuyu akati mwadzuka bwanji, amayankha ndi anthu a kutsidya kwa msewu. Tsiku limeneli ndiye mawu anachita kunjenjemeretsa galasi.

Akazi awo anaima pakhomo, manja atapinda pachifuwa.

"Bambo, mudula ulusi wa adokotala. Takhalani pansi kaye."

"Uduke ulusiwo! Tayang'anani umo, kenako mundiuzenso zokhala pansi."

Kuti mumvetse ukali wakewo, muyenera kuidziwa kabatiyo. Shopu ya a Hutala ndi kachipinda kamodzi: mpando wozungulira, benchi ya odikira, galasi long'aluka pakona, ndiye kabati yagalasi yotenga khoma lonse. M'kabatimo amasungamo timagalimoto tachitsulo, tina tokwana m'chikhatho, tina ngati nsapato ya munthu wamkulu. Tonse n'tofanizira magalimoto akale a ku Amereka aja, a mphuno yaitali, matayala akumbuyo onenepa, injini yobangula mpaka agalu kuthawa. Zitseko zake zimatseguka, ukakweza boneti n'kuona kainjini kali phee m'kati. Kuyambira unyamata wawo akhala akuvundukula milu ya zidole pa kaunjika, kulimbirana ndi azimayi ofunira ana awo zoseweretsa, ndipo sanagonjepo.

Chiwongolero chenicheni sanachigwirepo, laisensi alibe, koma mukakhala pampando pawo mumva za mapisitoni kufuna kusafuna, makina ali pakhosi. Ndipo musayerekeze kunena kuti ndi zidole. Wogulitsa nyama wina anayesapo. Anatuluka m'shopumo mutu utametedwa mbali imodzi, n'kukamalizitsa kwina atavala chipewa cha mnzake.

Kabatiyo inali ndi malamulo ake. Madzi sankafikako. Fumbi ankasasa okha ndi bulashi yofewa yosiyana ndi ya makasitomala. Ndipo lalikulu pa onse: penti wokalikakalika sakonzedwa. Kagalimoto kamakhala ndi penti amene kanabadwa naye, zipsera ndi zonse. "Chipsera ndiye umboni woti galimoto inayenda," ankatero. "Nkhalamba simuipaka ufa kumaso."

Tsono taonani zimene anapeza atabwera kuchipatala kumene anakachitidwa opaleshoni. Timagalimoto tonse tinali tachikasu. Tonse! Kakuda kaja, kobiriwira kaja, kabuluu ka mizere yoyera paboneti kaja, tonse chikasu chimodzimodzi cha minibasi, titandanda ngati anapiye. Ntchito yake inali yaluso, izo n'zosakana, penti wosalala, magalasi osadetsedwa. N'chimene chinawawa kwambiri. Wochita zimenezi sanali mwana wosewera. Anali munthu wamkulu, wandevu, amene anakhala pansi n'kuganiza kuti akuchita zabwino.

"Alamu anu opaka penti kugalaja aja," anatero akazi awo, mawu atatsika. "Ndinawapatsa kiyi kuti azitsegulako mawindo. Anati akudzidzimutseni."

"Andidzidzimutsadi! Kufa sindinafere patebulo la adokotala, ndidzafere pano?"

Apa m'pamene maso awo anafika pa shelefu yapamwamba. Panali mpata. Kofiira kaja panalibe.

A Hutala anasiya chikwama chigwe.

Kagalimoto kofiira kanali koyamba pa tonse. Anabwera nako ndi achimwene awo, dalaivala wa malole oyenda maiko, munthu wa zala ngati masipanala. Denga lake linali litasupuka, ndiye achimwenewo, posafuna kupatsa mng'ono wawo chinthu chonyansa, analipaka penti wa zikhadabo wa chibwenzi chawo. Kuleza mtima analibe. Anakanyamula penti asanaume, chala chachikulu n'kudinda padenga, mizere yake yonse kuoneka bwinobwino. Patapita nthawi lole inagubuduka kutali, kudziko la eni, ndipo anawaika komweko. Manda a Hutala sanawaonepo. Chithunzi palibe. Zovala anagawana achibale. Chimene chinatsala cha munthu yense uja ndi chidindo cha chala pa denga la kagalimoto. M'mawa uliwonse, asanalumikize makina ometera, a Hutala ankaika chala chawo pamenepo. Sichinkakwana n'komwe. Mkamwa monse muja, nkhani imeneyi yokha sanaiuzeko munthu.

"Kofiira kali kuti?"

"Kakadali kugalaja. Akuti denga lake n'lokhakhala, likufuna ntchito yapadera."

Munthu wosokedwa pamimba sathamanga, koma a Hutala anathamanga, dzanja limodzi litagwira bandeji, linalo likukankha anthu. Anadutsa wosoka nsapato osapereka moni, anawoloka msewu njinga zamoto zikuwatukwana, iwonso akubweza. Akazi awo ankabwera m'mbuyo akukuwa kuti bambo, bambo, ulusi.

Galaja ya alamu awo ili kuseri kwa malo ogulitsira matayala. Kompuresa inali ikulira, fungo la penti lili tho, pakati pataima minibasi yomatidwa manyuzipepala m'mawindo, yachikasu chomwe chija. Alamuwo anatsitsa chophimba kumphuno n'kumwetulira mano onse.

"Alamu! Mwatuluka? Ndiye mwationa kale tiana tanu? Tikuwala ngati tatsika m'sitima lero!"

"Kofiira."

"Aa, kameneko ndiye kandivutitsa. Bwerani muone."

Kanali pamwamba pa diramu. Matayala anali atachotsedwa n'kuikidwa m'chivindikiro cha botolo. Denga linali mbee, chitsulo chokhachokha, chosalala ngati supuni. Pambali pake panali sandipepala wofiira ndi fumbi.

"Panali chinthu chonyansa apa," alamuwo anapitiriza, akusisita dengalo monyadira. "Wina anapaka penti wa zikhadabo, mukumva? Wa zikhadabo! Kenako n'kugwira asanaume. Ntchito ya mbuli yeniyeni. Ndapala mpaka chatha."

 A Hutala anaphulika.

"Mbuli ndi ndani? Bwerezani! Mbuli ndi amene ali m'manda, kapena inu amene mwapaka galimoto za ulemu wake penti wotsala wa minibasi? Chinali chala cha achimwene anga chimenecho! Chala chawo chenicheni! Munthu ndinalibe manda ake, ndinalibe chithunzi chake, ndinali ndi chala chokhacho, inu n'kuchipala ngati mukupala dzimbiri pa bampala!"

Alamuwo anazimitsa kompuresa. Kumwetulira kuja kunauma.

"Ine ndikanadziwa bwanji, alamu? Kwa ife opaka penti, chala pa penti ndi manyazi. Ukachiona umachotsa, sufunsa."

"Simufunsa! M'nyumba ya mwini simufunsa? Ine ndikakupezani mukugona ndikumeteni ndevu chifukwa kwa ife ometa ndevu zanuzo ndi manyazi, mudzandithokoza?"

"Mtima pansi. Wofiira ndili naye. Ndipopera bwinobwino, asanaume mudindepo chala chanu. Ndani angasiyanitse?"

Anthuni, pali mawu ena oti munthu akanangowameza. A Hutala anatola chitini chopanda kanthu n'kuchiponya kukhoma, chinalira ngati belu.

"Chala changa ndili nacho, ichi! Ndimadzuka nacho, ndimagona nacho. Ndichidindirenji? Mukufuna ndizidzipatsa moni ndekha m'mawa?"

Akazi awo anali atafika, akupuma mwabefu. Alamuwo atawaona anapeza pothawira.

"Mlongo wanga ndi amene anati tikonzeni timagalimoto ta alamu anu asanatuluke."

"Bodza, achimwene! Ine ndinati muzisasako fumbi."

"Unati tikuoneka ngati zotola kudzala!"

"Kunena kuti chinthu n'chakutha ndiye kuti chipakeni chikasu?" Kenako anatembenukira amuna awo, misozi ili m'maso koma mawu ali akuthwa. "Nanunso bambo, zaka zonsezi mwandigonthetsa m'khutu ndi mapisitoni, za chala munandiuza liti? Ndikanadziwa ndikanagona pakhomo pa kabatiyo."

Mawuwo anawalasa, anaoneka pankhope. Koma a Hutala si munthu wobwerera m'mbuyo pamaso pa anthu, ndipo kunena zoona, kodi munthu azilengeza chisoni chake pa wailesi kuti katundu wake asakhudzidwe? Kabati inali yotseka. Kutseka kumeneko sikulankhula?

Anawerama movutika, bandeji itayamba kufiira, natola sandipepala uja. Anampinda mosamala kuti fumbi lofiira lisatayike, namuika m'thumba la malaya, la pamtima. Kagalimoto anakanyamula ndi manja awiri, timatayala take tomwe. Atakapanira kukhwapa anakoka diramu, kuikhukhuluza mpaka pageti la galaja, n'kukhalapo, pakatikati penipeni, pamene minibasi yachikasu inkayenera kutulukira. Mwini minibasiyo, amene ankadikira pamthunzi, anayamba kudandaula kuti iye nkhaniyi sakuidziwa.

"Muidziwa lero," anatero a Hutala. "Pano sipatuluka galimoto, sipalowa galimoto. Uyu akuti ndi mlongo wake, mlongo wake akuti ndi uyu. Kiyi anayenda yekha? Sandipepala anadzipala yekha? Ine ndakhala pano, ulusi uduke, dzuwa lindiwotche. Mmodzi wa inu awiri aime apa, andiyang'ane m'maso, anene kuti ndine ndafufuta achimwene ako. Ndikudikira. Ndani ayankhe?"