Malaya Olemba Nyasa Andichotsetsa Ntchito

Pepani akuluakulu, sindinazolowere kulemba pagulu. Koma zimene andichita a shopu ina yodinda malaya pa Mangochi boma zandikwana.

Kwathu ndi ku Makanjira. Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa loji ina ku Chembe, yoyendetsa alendo pa boti. Abwana anandituma kukadinditsa malaya a ife a m'maboti, kumsana kukhale mapu a nyanja yathu. Ndinawauza a pashopupo momveka: Nyanja ya Malawi.

Tsiku lokatenga anandipatsa malayawo atamangidwa mu pulasitiki. Nditapempha kuti ndione, mwini shopu anati, "Ukatsegulire kwanu, pano udetsa." Ndinachita manyazi. Ndinathokoza n'kunyamuka.

M'mawa mwake tonse tinavala. Tili pa doko, a Che Jafali, msodzi wamkulu amene amagulitsa nsomba ku lojiko, anandigwira phewa n'kunditembenuza.

"Mwanawe, nyanja yathu waigulitsa liti?"

Kumsana kunalembedwa Lake Nyasa. Kumpoto, mzere wa malire unadutsa pakati pa madzi, monga amajambulira a ku Tanzania. Anthu anaunjikana. Wina anakuwa kuti, "N'zosadabwitsa, wa ku Makanjira ameneyu, mwendo wina uli ku Niassa, ku Mozambiki!" Asodzi anati nsomba zawo sizilowanso pa lojipo. Abwana anandiimitsa ntchito. Anati ndibwere ndi a shopu adzavomere pamaso pa asodziwo kuti kulakwa n'kwawo.

Ndinabwerera ku boma. Mwini shopu anandisiya chiimire mpaka atamaliza kuseka pa foni.

"Mapuwo tinatenga pa intaneti," anatero. "Ukufuna ndikakangane ndi intaneti? Ndiponso iwe si Myao? Nyasa si nyanja m'chilankhulo chanu? Madzi ake ndi omwewo."

Ndinati, "Bwana, chonde, ngakhale muwaimbire foni chabe abwana anga."

"Ndilibe mayunitsi. Wotsatira!"

Madzi ndi omwewo, inde. Nanga inu a shopu, bwanji simunalembe Nyasa pa chikwangwani chanu, pomwe pali Lake Malawi? Munthu amadinda dzina la nyanja ya kwawo osaliwerenga? Munandiletseranji kutsegula?

Inu akuluakulu, mukadinditsa chinthu chokhala ndi mapu, masulani pomwepo, ngakhale akukalipireni. Ine ndinaopa kukalipiridwa.

A shopu sanaimbe. Malaya anawotchedwa kuseri kwa loji. Asodzi anayambanso kubweretsa nsomba atamva kuti ndachoka. Nkhaniyi inatha pa 3 Juni, tsiku limene ndinakwera lole yobwerera ku Makanjira.